Ufa m'Kabati ya Laibulale

"Ine Dickson Mpaweni, chibadwire, sindinatayepo kanthu ngakhale singano. Ndipo pansi pano palibe munthu amene angaime n'kunena kuti ndili naye ngongole."

Mawuwa anatulukira pawindo n'kumupeza Sajeni Bertha Khoromana ali pakhonde la koleji, akusasa fumbi la mumsewu pa siketi yake. Mwini mawuwo ankauza wina pa foni. Bertha anangoganiza chamumtima kuti munthu wosataya singano saitana apolisi m'mawa wa Lachiwiri. Za ngongolezo anazisiya kaye. Anali atazimvapo kwa anthu ambiri, ndipo ambiri mwa iwo ankazinena atakhala pansi m'chitokosi.

A Mpaweni anatuluka atavala suti ndi tayi, pomwe dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuotcha miyala ya phiri la Michesi.

"Mwachedwa, Sajeni."

"Njinga inavuta, bwana."

"Dokotala."

"Njinga inavuta, a Dokotala."

"Andibera ntchito ya moyo wanga. Hadi diraivi. Kabokosi kakuda, kofanana ndi chikhatho chanucho, kosungiramo zinthu za pakompyuta. Kanali m'kabati ya ku laibulale, ndipo kiyi wake amasunga munthu mmodzi. Palibe chofufuza apa. Mungomutenga."

"M'kabokosimo munali chiyani?"

"Deta."

"Ndine wa kumudzi ine, wa ku Jenala, a Dokotala."

Anausa moyo ngati munthu amene wapemphedwa kusenza thumba la eni. "Mawu a anthu. Ndinajambula achikulire a m'tsinde mwa Michesi akufotokoza za napolo: kumene madzi amadzera, zizindikiro zake, kumene makolo ankathawira. Kafukufuku wotchuka mpaka kunja. Lachisanu lino mawuwo ayenera kufufutidwa, ndilo lamulo la amene analipira kafukufukuyu. Akamva kuti mayina ndi mawu a anthu akuyenda m'matumba a mbava, dzina langa lagwa."

"Ndiye mukufuna ndikapeze kabokosiko kuti mukafufute."

"Mwamva bwino."

"Eni mawuwo akudziwa?"

A Dokotala anayang'ana wotchi yawo. "Ambiri anapita ndi namondwe uja wa Freddy."

Chaka chimenecho Bertha anali mmodzi mwa amene ankakumba matope ndi makasu obwereka, ndipo mpaka lero fungo la dothi lonyowa limamuthetsa njala.

*

Woyang'anira laibulale anali mayi Margret Mulipa, munthu wa imvi zochepa ndi mawu ochepa. Anatsegula kabati yachitsulo n'kuima pambali, manja atapinda ngati akudikira unyolo.

Loko sanathyoledwe. M'katimo munali malaputopu awiri ndi kamera, zonse zili m'malo mwake. Mbava imeneyi inali yodziletsa kuposa akulu a mpingo ena. Pa shelefu ya pamwamba panali malo oyera pakati pa fumbi, pomwe kabokosi kankakhala, ndipo pakatikati pa malowo panali kamulu ka ufa, kounjikidwa bwinobwino ndi zala.

"A Dokotala akuti ndi chiswe," anatero mayi Mulipa.

Bertha anatsina pang'ono n'kufikisa pakati pa zala. Unali ufa wa mapira, wosinja pamtondo. Chiswe cha ku Phalombe n'cholimba mtima, koma sichinafike pomadya chitsulo n'kusiya ufa wa mapira.

Ufawo ankaudziwa. Tsiku limene ankanyamula thupi la bambo ake kuchokera ku chipatala, malume ake anagwada pansi, nathira kamulu kotereka n'kunong'ona kuti, "Tikukunyamulani, musadabwe njira." Wakufa sasamutsidwa osamuuza. Tsono amene anatenga kabokosiko sankaona katundu wogulitsa. Ankaona anthu.

"Kope ina ilipo?"

"Palibe," anatero mayi Mulipa. "Ndinawapempha a Dokotala kuyambira pachiyambi. Ntchito yathu pano si kufumbata mabuku okha. Munthu akamachita kafukufuku timamuthandiza kusunga zimene wasonkhanitsa: kope ina pano, ina kwina, kulemba kuti akulankhulayo ndani, m'chinenero chanji, ndipo woyenera kumva ndani. Iwo anati laibulale ndi nkhokwe, ntchito yake n'kuletsa mbewa. Anatipatsa kabokosi kamodzi, kotseka ndi pasiwedi, ndipo pasiwediyo ili m'mutu mwawo mokha."

"Nanga kufufutako n'kokakamiza?"

"Lamulo limati mawu afufutidwe pokhapokha eni ake atavomera kuti asungidwe. Eni ake akamwalira, amavomera ndi abale awo. Ndinawauza kuti tikwere kumudziko tikafunse. Anati msewu wa ku Fort Lister umawononga galimoto."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Ndinapita pageti kukagula zitumbuwa."

"Kiyi?"

"Ndinamuiwala patebulo."

"Mumaiwalaiwala?"

"Ndakalamba, Sajeni."

Bertha anayang'ana mashelefu. Buku lililonse linali m'malo mwake, ngakhale mapensulo anali atafola motsata utali. Apa ndi pamene anaona kuti mlanduwu unali wa mbali ziwiri zakuthwa. Akalephera kupeza kabokosiko, mayi awa ataya ntchito, mwinanso agona m'chitokosi. Akakapeza, Lachisanu anthu aja afa kachiwiri.

*

Pageti panali mayi wogulitsa zitumbuwa, dzina lake Felista, amene sankadikira kufunsidwa.

"A Mulipa? Zitumbuwa? Aaa, bwana, musandiseketse dzuwa lino. Ajawa ali ndi shuga, tiyi amamwa wowawa ngati mankhwala a malungo. Chikhalireni pano sanandigulepo ngakhale chopserera. Dzulo anabwera, inde. Anaima apa, pomwe mwaima inupo, n'kumayang'ana phiri. Ndikuti, amayi, dzuwatu ili, khalani pamthunzi. Ayi ndithu, chiimire, msana atalozetsa ku laibulale ngati alumbira kuti sacheuka."

"Wina anatuluka nthawi imeneyo?"

"Ana a sukulu, amenewo satha. Ndi aphunzitsi Namakhwa. Koma amene aja sangabe, bwana, mungochotsako. Munthu woti akatola ndalama pamsewu amakaipereka kutchalitchi."

"Ndi ndani amenewo?"

"A Jonathan Namakhwa, anapuma uphunzitsi kalekale. Ndi amene ankamasulira Chilomwe cha agogo aja kuti chikhale Chingerezi, poti a Dokotalawo Chilomwe amangodziwa moni, moniwonso amaupotoza. Ntchito itatha, iwo sanasiye kubwera. Amangokhala m'laibulalemo moyang'anizana ndi kabati. Komatu dzulo anandidabwitsa. Munthu wopereka moni ngakhale kwa mbuzi, anandidutsa osandiona. Chipewa chili m'khwapa, dzuwa lonse lija, manja awiri ali pachifuwa ngati wanyamula mwana wodwala."

"Analowera njira ya kwawo?"

"Ayi, ya kumsika. Mugula zingati, bwana?"

Bertha anagula ziwiri. Umboni wa ulele sakhulupirira.

*

Kumsika, munthu amene ali ndi kabokosi ka pakompyuta koma alibe kompyuta amapita malo amodzi: kwa Bashiri, wobena nyimbo ndi maulaliki m'mafoni a anthu. Bashiri anatsitsa wailesi ataona yunifolomu, nalankhula mofatsa ngati munthu woyeza shuga pasikelo.

"Anabwera, mayi. Sindingabise. Anati ndiwachotsere mawu m'kabokosimo ndiwaikire mu memore khadi ya foni yawo. Ndalumikiza, kabokosi kakufuna pasiwedi. Ndikuti, aphunzitsi, kotsekatu aka. Akuti, yesani Aliness."

"Aliness ndi ndani?"

"Akazi awo. Anali mmodzi mwa ojambulidwawo. Madzi anawatenga, thupi silinapezeke. Ndayesa Aliness, kakana. Akuti yesani napolo, kakana. Michesi, kakana. Ndinawauza kuti, wallahi, ichi angatsegule ndi amene anatseka. Anakhala pabenchi apo nthawi yaitali. Kenako akutulutsa ndalama kuti andilipire. Ndikuti, mulipira chiyani, ntchito sindinagwire? Akuti mwayesa."

"Atachoka pano?"

Bashiri analoza ndi chibwano tsidya la msewu, pomwe mkazi wake amagulitsa nsalu. "Anagula nsalu yoyera. Kachidutswa, kuyambira apa kufika apa." Anayeza kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala. "Mkazi wanga wagona osadya. Akuti nsalu yoyera yochepa choncho amagula munthu amene akukaika khanda."

*

Mudzi wa aphunzitsiwo unali pomwe msewu wa ku Fort Lister umayamba kukwera. Kumtunda kwake kunali chipsera chachikulu cha miyala yoyera, chotsika kuchokera m'phiri ngati wina anasenda khungu. Pansi pa miyalayo panali nyumba, chigayo, mitengo ya mango, ndi anthu.

Bertha anawapeza aphunzitsi Namakhwa kuseri kwa nyumba yatsopano ya malata ochepa, akupeta nandolo. Anali aatali, owonda, malaya atamanga mpaka batani la pakhosi. Ataona yunifolomu anaika lichero pansi, nabweretsa mpando, namulonjera m'Chilomwe.

"Moseliwa, mwanangu. Ndimadziwa kuti mubwera. Margret mumusiye, sanandipatse kanthu. Anangotuluka."

"Kabokosi kali kuti, aphunzitsi?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kamtolo koyera, komanga bwino ndi luzi. Sanamupatse. Anakhala nako pamiyendo.

"Tsiku lojambula, a Dokotala anabwera ndi makina awo pakhonde lathu lakale. Aliness ankachita manyazi. Iwo analonjeza kuti ntchito ikatha, aliyense adzamubweretsera mawu ake. Analonjeza khomo lililonse, ine ndikumasulira ndi pakamwa pangapa. Mvula ija itabwera, ine ndinali ku boma kukafunsa za penshoni. Penshoni sindinaipeze, ndipo pobwera sindinapeze nyumba." Anasisita kamtoloko. "Tinakumba mpaka makasu anatha mano. Kenako tinachita zimene amachita anthu thupi likasowa: tinadula thunthu la nthochi, tinalikulunga, tinaliika m'manda. Ndinalira nthochi, mwanangu. Ana anga amakasesa pa nthochi."

Bertha anayang'ana pansi.

"Atandiitana kuti ndipitirize kumasulira, ndinavala mahedifoni m'makutu, ndipo ndinangomva akutsokomola. Kutsokomola kwake komwe kuja, kwa m'mawa. Pa pepala anali nambala, poti mayina amabisa. Ine ndinamasulira mkazi wanga kukhala Chingerezi, ndinamulemba nambala, ndinalandira malipiro. Ndiye ndikumva kuti Lachisanu afufuta. Ndinakawapempha a Dokotala kawiri. Anati ndikumvetsa chisoni chanu, koma pali ndondomeko."

"Ndiye mwaganiza zotani?"

"Kutsegula ndalephera. Tsono ngati n'kufa, afere kwawo. Ndauza mabanja onse amene ali ndi munthu wawo muno. Mawa m'mawa tikaika pafupi ndi nthochi ija. Aka n'koyamba kuti tiike kanthu kamene kali ndi iwo m'kati."

Kamtoloko kanali pafupi, Bertha akanangotambasula dzanja mlandu n'kutha. Anaganiza za a Dokotala ndi wotchi yawo. Anaganizanso kuti chinyezi cha pansi chimafufuta bwino kuposa kompyuta.

"Musakwirire ndisanafike," anatero akuimirira. "Ndibwera ndi mwini katundu."

*

A Dokotala anavomera kukwera phirilo atamva kuti katundu wobedwa saperekedwa mwini wake asanamuzindikire pamaso pa mboni. Galimoto yawo inapirira msewuwo popanda chovuta. Mayi Mulipa anakhala kumbuyo atakumbatira laputopu ya laibulale, poti Bertha anawauza kuti ayitenge.

Kumanda anapeza anthu atakhala kale, amayi mbali ina, abambo mbali ina. Panalibe kulira, kulira kunatha chaka chija. Pafupi ndi mtumbira wina panali kadzenje kongofika m'chigongono. Aphunzitsi Namakhwa anakhala pambali pake ndi kamtolo koyera.

A Dokotala anaima, nakonza tayi. Anayamba kunena kuti akumvetsa, koma mawu awo, amene ankadzaza maholo, anamveka ang'ono pakati pa mitengoyo.

"Munalonjeza kuti mudzatibwezera," anatero aphunzitsi, osakweza mawu.

"Sindikukumbuka lonjezo lotero. Mwina ndi mmene munamasulira."

Nkhalamba ina inatsokomola. Wina anayang'ana kumwamba.

"Za malonjezo si za polisi," anatero Bertha. "Ine changa n'chimodzi. Mabokosi akuda ndi ambiri pamsika, a Dokotala. Kuti ndidziwe kuti aka ndi kanu, mukatsegule."

Aphunzitsi anamasula luzi. Mayi Mulipa anaika laputopu pa chitsa n'kulumikiza. A Dokotala anawerama, koma dzuwa linkawalira pagalasi ndipo zala zawo zinkaphonya mabatani. Atalephera kachiwiri, mayi Mulipa anati, "Nenani, ndilembe ine."

Anayang'ana uku ndi uku, nanena motsitsa. Pasiwediyo inali dzina lawo lomwe, ndi maudindo onse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Panatenga kanthawi kuti ithe. Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa kuseka.

"Nditsegule iti?" anafunsa mayi Mulipa, koma ankafunsa aphunzitsi.

Aphunzitsi anatchula nambala. Anali asanayiiwale.

Poyamba kunamveka nkhuku, ndi mpando ukukokedwa pa simenti. Kenako mawu a mwamuna, amphamvu, okondwa, odzidalira:

"Amayi, musaope makinawa. Mawu anuwa ndi anu, ine ndangobwereka. Ntchito ikatha ndidzabwera nawo ndekha, ine Dickson Mpaweni, ndidzakupatsani m'manja."

Kunamveka mawu a aphunzitsi akumasulira m'Chilomwe. Kenako kutsokomola, ndi kuseka kwa mayi wamanyazi.

"Mudzabwere ndithu, bambo. Mudzatipeza. Ife tingapite kuti?"

Mtsikana wina kumbali ya amayi anafuula kamodzi, "Amama!" n'kugwira pakamwa. Aphunzitsi sanagwedezeke. Anangotseka maso, milomo ikuyenda limodzi ndi mawuwo, poti ankawadziwa onse. Aliness anapitiriza kufotokoza za napolo wa paubwana wake, mmene mtsinje unanunkhira dothi usanasefukire, ndi mmene amayi ake anamukokera kuchitunda. Anafotokoza bwino kwambiri. Anatchula ngakhale khwawa limene madzi adzadzere akadzabweranso, ndipo aliyense pamandapo ankadziwa kuti sanalakwitse.

Mawu atatha, a Dokotala anali atakhala pansi, padothi, suti ndi yonse. Bertha sanaone nthawi imene anakhalira.

"Mayi Mulipa," anatero, "munati abale akhoza kuvomera?"

"Akhoza. Banja lililonse linene lokha: asungidwe ku laibulale kapena ayi, amve ndani, dzina litchulidwe kapena libisidwe. Wokana, timupatsa zake n'kufufuta zathu. Ovomera, tisunga kope pano ndi kwina, kuti phiri likadzagwanso lisadzatenge zonse."

"Amene analipira aja adzafuna kalata."

"Tidzawalembera. Imeneyonso ndi ntchito yathu."

Anthu anayamba kutulutsa mafoni m'mipango ndi m'matumba, mafoni ang'onoang'ono omanga ndi mphira, n'kumachotsa timamemore khadi todzaza nyimbo za kwaya. Mayi Mulipa anatambasula dzanja kuti alandire, koma aphunzitsi anapukusa mutu.

"Anati adzatipatsa okha. M'manja."

Tsono a Dokotala anakwawira pa chitsa paja. Mayi Mulipa ankawalozera pokanikiza, iwo n'kumakanikiza. Ankaitana nambala, aphunzitsi n'kutchula dzina, a Dokotala n'kulibwereza mokweza, ndipo wachibale ankabwera kudzalandira ndi manja awiri. Mayina ena anawapotoza, anthu n'kuwakonza, iwo n'kubwereza mpaka atakhoza. Nambala ina itaitanidwa, aphunzitsi anatchula dzina koma palibe anaimirira. Banja lonselo linali pansi pa miyala. Kenako nkhalamba ija yotsokomola inati, "Ameneyo asungidwe ku laibulale. Adzamumva ndi alendo."

Womaliza anali Aliness. A Dokotala anaimirira, mawondo ali mbuu, napereka kakhadiko atagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, mmene anawaphunzitsira amayi awo asanakhale Dokotala.

"Ndachedwa nazo, aphunzitsi."

"Mwachedwa," anavomera aphunzitsi. Anaika kakhadiko m'foni, nayesa kaye. Kutsokomola kuja kutamveka, anatembenukira kwa anthu. "Mwaona nonse. Wabweza. Ine ndilibenso naye mangawa munthuyu."

"Taona," anayankha anthu.

Bertha anayandikira. "Nanga za kuba zija, a Dokotala?"

"Palibe chabedwa, Sajeni."

"Ndimaganiza choncho. Paja inu simutaya kanthu."

A Dokotala ankayang'ana kadzenje kaja, kamene kanatsala kukamwa kuli yasa. Aphunzitsi Namakhwa anapinda nsalu yoyera ija, yopanda kanthu m'kati, naiika m'menemo, nakwirira ndi manja. Atatha anatulutsa kapepala ka ufa wa mapira m'thumba la malaya, nathira kamulu pa mtumbira wa nthochi. Anaika foni pambali pake, nawerama.

"Aliness," anatero, "usadabwe njira. Wafika kwanu."

Anakanikiza batani, ndipo nkhuku za pakhonde limene kulibe zinayambanso kulira.